Mivi yakale yamtengo: iponyedwe kapena ipachikidwe pakhoma?

Munthu akapeza phodo la mivi yamtengo imene yakhala zaka 30 kapena 50 osaponyedwa, amayamba kudandaula za zakazo: kodi mtengo wokalamba chonchi ungapirire nsinga? Zaka pazokha siziwononga muvi. Mtengo wouma bwino, wosungidwa kutali ndi chinyezi, dzuwa ndi tizilombo, umasunga mphamvu zake nthawi yaitali zedi, ndipo ilipo mivi yopangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 imene ikuulukabe bwinobwino. Yambiri mwa iyo inapangidwa ndi mtengo wa Port Orford cedar wa ku Oregon, ku America, wochokera ku mitengo ikuluikulu yakale ya mizere yowongoka ndi yothithikana, thabwa limene lero silipezeka wamba. Chimene chimapha muvi ndi zimene wakumana nazo: mwala umene unagunda, denga lodontha, guluu wotha mphamvu, pulasitiki youma, ndiponso uta umene suli wake. Choncho phodo lonse musaliweruze pamodzi. Muvi uliwonse uyesedwe pawokha.

Kuti mudziwe pofunika kuyang'ana, ganizirani zimene zimachitika mukamasula nsinga. Nsinga imakankha muvi mwadzidzidzi kuchokera kumbuyo, pomwe kutsogolo kuli chitsulo cholemera chosafuna kunyamuka msanga. Thunthu limapanikizika pakati n'kupindika, kenako limapindikira mbali inayo, n'kumapita likugwedezeka choncho. Muvi wabwino umapirira zimenezi kambirimbiri. Wokhala ndi mng'alu umathyokera pomwepo, nthawi imene ukudutsa pamwamba pa dzanja logwira uta. Chidutswa chakutsogolo chimagwera kwina, koma chakumbuyo nsinga imakhala ikuchikankhabe, ndipo mtengo ukathyoka motsata mizere yake umasiya nsonga yaitali yakuthwa. Uta wa mapaundi 45, kutanthauza mphamvu yofunika pokoka nsinga yake, umatulutsa muvi pa liwiro la mamita pafupifupi 50 pa sekondi. Nsonga ija ikaloza pansi imalowa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kapena pamkono. Ndiye kuyesa kumene ndifotokoze pano si mwambo chabe ayi.

Ilipo mivi yoti muyiike pambali musanayese n'komwe. Mivi ya alenje akale, yochokera kulikonse kumene anthu ankasaka ndi ulembe, poizoni wopaka pamivi, musaiponye ndipo nsonga zake musazigwire ndi manja opanda magolovesi. Ulembe wouma umaoneka ngati utomoni wakuda womatidwa kuseri kwa chitsulo, ndipo mitundu ina imakhalabe yakupha patapita zaka makumi angapo. Mivi yokhala ndi dzina la mmisiri wake, kapena yosiyidwa ndi munthu amene mumamukumbukira, nayonso ndi bwino kuisunga, chifukwa muvi wamtengo uliwonse woponyedwa umadzathyoka tsiku lina.

Yotsalayo musanaitulutse, suzumirani pansi pa phodo kapena bokosi. Mukapeza fumbi losalala la mtengo, dziwani kuti mwalowa tizilombo tofumba, ndipo pathunthu mudzaona timabowo tozungulira ta milimita 1 kapena 2. Kabowoko n'kakang'ono, koma ndi khomo lotulukira chabe. Mphutsi inakhala m'katimo miyezi yambiri ikuboola njira motsata mizere, ndipo thunthu la mamilimita 8 kapena 9 lilibe mtengo wapadera woti n'kutayako. Kabowo kamodzi, muvi watha. Za madzi, fufuzani mathotho akuda olowerera mumtengo ndi fungo la chuku, kenako dinani pamalopo ndi chikhadabo. Chikalowa mosavuta kuposa pena ponse, mtengo wayamba kuvunda. Chuku chongokhala pamwamba pa vanishi chimachoka ndi kansalu konyowetsedwa ndi sipiriti, ndipo si mlandu. Palinso mivi yokhala zaka pamalo otentha kwambiri, monga kudenga. Imeneyi imauma mopitirira n'kukhala yosachedwa kuthetheka. Muvi umafuna chinyezi cha pakati pa 8 ndi 12 peresenti, choncho isiyeni m'chipinda wamba milungu iwiri musanayambe kuipinda.

Ntchito yeniyeni ili pa ming'alu. Pukutani muvi kuti fumbi lichoke, kenako uunikeni ndi tochi kuchokera m'mbali, kuwala kukhale ngati kukukwawa pathunthu, inu mukuzunguza pang'onopang'ono. Kuwala kochokera pamwamba kumabisa zambiri. Ming'alu ilipo mitundu iwiri. Woyamba umatsata mizere ya mtengo, ndipo kawirikawiri umayambira pachitsulo kapena pakamphanda kolowa nsinga. Umenewu suvuta kuona. Wachiwiri ndi woopsa kwambiri chifukwa suoneka ngati mng'alu n'komwe: ndi kamzere kopingasa, kochepa ngati tsitsi, nthawi zina kotuwirako, nthawi zina kongotukuka pang'ono moti mumakamva ndi chikhadabo musanakaone. Kamabwera muvi ukagunda chinthu cholimba, kapena ukapindidwa kwambiri pouzula pachandamale. Mitsempha ya mtengo imafinyika n'kupindikana pamalopo, ndipo siibwereranso. Muvi wotere ukhoza kuoneka wowongoka ndi wosalala, koma mbali yofinyikayo ikadzakokeka pouponya, umaduka nthawi imodzi. Malo amene timizere timeneti timakonda ndi masentimita 10 oyambirira kuseri kwa chitsulo, ndi patsogolo penipeni pa nthenga. Pamenepo chedwanipo.

Maso akatha, pabwere thonje. Tengani kathonje kofewa, kayendetseni pathunthu lonse kupita kutsogolo ndi kubwerera. Pomwe pali kachibanthu kodzuka, thonje limakodwa n'kusiya ulusi. Kenako kupinda. Valani magalasi, khalani pamalo opanda phokoso, tsamizani nsonga ya muvi pathabwa, dzanja limodzi ligwire kumbuyo ndipo chikhatho china chidine pakati mpaka muvi upindike masentimita 2 kapena 3, kulozetsa kutali ndi nkhope. Osapitirira apo, chifukwa cholinga si kuona pomwe uthyokere, ndipo kupinda kwambiri kumabweretsa kufinyika komwe mukufufuzako. Zunguzani muvi pang'ono n'kudinanso, mpaka mbali zonse zinayi zitayesedwa, kenako sunthirani chikhatho kufupi ndi nsonga ndiponso kufupi ndi nthenga. Mvetserani. Muvi wabwino umapindika mwakachetechete n'kubwerera. Kakuti "the" kamodzi kokha kapena kulira kulikonse kwa m'kati ndi chizindikiro chokwanira. Onaninso mmene ukupindikira: uzipinda mofanana thunthu lonse, osati kugonja pamalo amodzi ngati pali bondo. Pomaliza upotoleni pang'ono, dzanja lina kumanja lina kumanzere, chifukwa mng'alu wotsata mizere umatseguka popotola ngakhale utabisala popinda. Ena amagogoda thunthu ndi chala n'kumvera kulira kwake. Zimathandiza mukakhala ndi mivi ingapo yofanana yoti muyerekezere, koma pazokha sindizidalira.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi vanishi. Vanishi wakale amang'ambikang'ambika yekha, mtengo uli bwinobwino m'kati, ndipo penti wokongoletsa amatha kubisa mng'alu weniweni. Musangoganizira. Palani pamalopo ndi sandipepa wosalala, wa nambala 320 kapena 400, mpaka mtengo uoneke. Kamzere kakachoka limodzi ndi vanishi, kanali kapamwamba. Kakatsala, donthezanipo sipiriti. Ponseponse pauma msanga, koma mng'alu umamwa sipiritiyo n'kukhala wakuda kwa kanthawi. Pamene mwapala mudzapakenso vanishi kuti chinyezi chisalowerepo. Chibowo chodinidwa ndi muvi unzake, chosaya ndiponso chosadula mitsempha, chikhoza kukhululukidwa ngati muvi wapirira kupinda. Chodula mitsempha ayi.

Mng'alu wa pathunthu sakonza. Kuthiramo guluu wouma msanga kapena kukulungapo tepi kumangoubisa, ndipo ndi pamene umadzavulaza munthu wosadziwa. Pokhapokha ngati vuto lili kunsonga kwenikweni, mukhoza kudula masentimita 2 kapena 3 kuseri kwa pomwe mng'alu wathera n'kuikanso chitsulo, bola muvi ukhalebe wotalika mokwanira mkono wa wouponya.

Tsopano mizere ya mtengo, nkhani imene opanga mivi yotchipa ankainyalanyaza. Zunguzani muvi ndipo muona kuti mbali ziwiri zili ndi mizere yowongoka yoyenda limodzi, pomwe mbali ziwiri zinazo zili ndi timizere tosongoka ngati chilembo cha V. V aliyense ndi malo amene mzere wa chaka chimodzi cha kukula kwa mtengo watulukira kunja kwa thunthu, ndipo muvi ukamathyoka umatsata pamenepo. Akakhala ochepa ndi otalikirana, thunthu ndi labwino. Akathithikana, kapena mzere umodzi ukachoka mbali ina n'kukatulukira mbali inayo pa mtunda waufupi, muviwo unali wofooka kuyambira tsiku limene unapangidwa. Muvi ukakhala pansinga, mbali ya mizere yowongoka iyenera kutsamira pauta, chifukwa ndiyo yolimba, ndipo mpata wa kamphanda upingase zaka za mtengo, usayende nazo limodzi. Ma V a pamwamba aloze kutsogolo, kuchandamale. Chifukwa chake n'chakuti muvi wotere ukathyoka, chidutswa chakumbuyo chimatsetserekera m'mwamba, kuchoka padzanja. Akaloza kwa inu, chidutswacho chimalowera pansi, pomwe pali dzanja. Mukapeza muvi womatidwa molakwika, chotsani kamphanda n'kukaikanso bwino, ngakhale zitafuna kumatanso nthenga.

Pa mivi yakale, kawirikawiri chimene chimayamba kugonja si mtengo koma kamphanda. Pulasitiki yakale imauma ndi zaka ndi dzuwa, n'kukhala yosachedwa kusweka ngakhale ikuoneka yatsopano. Kamphanda kakasweka pomasula, nsinga imapita yopanda katundu, mphamvu yonse n'kubwerera muuta. Uta ukhoza kung'aluka kapena kuthyoka, ndipo muvi umapita kosadziwika. Maganizo anga ndi akuti timphanda tapulasitiki pa mivi ya zaka zoposa 20 tichotsedwe tonse popanda kuyesa, chifukwa tatsopano sitivuta kupeza. Viikani kumbuyo kwa muvi m'madzi otentha kwa kanthawi, potolani kamphanda ndi pulayala, n'kupala guluu wakale mosamala kuti musadye mtengo. Kusongoka kwa kumbuyoku kumakhala kwa madigiri 11, ndipo mukakuwononga, kamphanda katsopano kamakhala mopendekeka. Yesaninso mmene kakugwirira nsinga: muvi ulendewere pansinga osagwa, koma mukagogoda nsinga ndi chala ugwe. Kothina kwambiri kamang'ambika, kokhwepa kamapulumuka musanamasule. Mivi ina ilibe pulasitiki, mpata wake unachekedwa mumtengo momwemo. Pa imeneyi yang'anani pansi pa mpata ngati pakuyambika mng'alu, ndipo onani ulusi womanga kuseri kwake. Ukatha, mangani watsopano mothinitsa pa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, n'kupakapo guluu. Popanda ulusiwo nsinga imang'amba thunthu.

Chitsulo cha kutsogolo chigwireni n'kuyesa kuchipotola. Chikagwedera, guluu watha. Ngakhale chisagwedere, ndi bwino kuchichotsa pa muvi umodzi kapena iwiri kuti muone zimene zili m'kati. Zitsulo zambiri zinamatidwa ndi guluu wosungunuka ndi moto, choncho chitenthetseni pakandulo masekondi ochepa, osawotcha mtengo, n'kuchikoka ndi pulayala. Mtengo wa m'kati ukhale woyera ndi wolimba. Ukada ndi dzimbiri, ukapserera kapena ukang'aluka, dulani n'kusongolanso pa madigiri 5. Tsukani m'kati mwa chitsulo ndi sipiriti musanamate, ndipo guluu asanazizire zunguzani muvi pansonga yake kuti muone ngati chakhala pakati. Mivi ina yabwino inalumikizidwa ndi mtengo wolimba kutsogolo kuti izipirira kugunda. Pamfundo yolumikizirapo pafufuzidwe ndi chikhadabo, chifukwa guluu wachikopa amene amisiri akale ankagwiritsa ntchito amagonja ndi chinyezi.

Nthenga sizivuta. Zophwanyika zimadzuka mukazionetsa nthunzi ya ketulo, zodyedwa ndi njenjete zimasinthidwa, ndipo pa muvi umodzi zonse zichokere kuphiko la mbali imodzi. Choopsa chili kunsonga yakutsogolo ya nthenga iliyonse. Ikamatuka n'kudzuka, imalowa pakhungu la dzanja muvi ukamadutsa, makamaka kwa oponyera pamwamba pa chala. Donthezanipo guluu, ndipo ngati n'kotheka kulunganipo ulusi.

Kupindika nakonso sikuphetsa muvi. Ugubuduzeni patebulo losalala, nthenga zili kunja kwa tebulo. Wopindika mofatsa, chifukwa chotsamira pakhoma zaka zambiri, umawongoka: fundutsani pamalopo mpaka patenthe koma dzanja likupirirabe, pindirani mbali inayo pachikhatho pang'onopang'ono, n'kugwira mpaka pazizire. Wopindika mwadzidzidzi pamalo amodzi uli ndi mitsempha yofinyika, ndipo kuuwongola ndi kungoubisa.

Muvi ukhoza kupambana mayeso onsewa n'kukhalabe woopsa, ngati uta wake si umenewo. Apa ndi pamene mivi yotola imavulaza anthu, chifukwa palibe amene akukumbukira kuti inapangidwira uta wanji. Mivi ya ana ndi ya ophunzira, yopyapyala ya mamilimita 6 kapena 7, inapangidwira mauta ofewa, ndipo pauta wa mapaundi 50 imapindika mopitirira mphamvu yake. Kulimba kwa thunthu, kumene ogulitsa amalemba kuti spine, mukhoza kukuyeza nokha. Khomani misomali iwiri pathabwa loimirira, motalikirana masentimita 66, omwe ndi mainchi 26. Gonekani muvi pamisomaliyo, mbali ya mizere yowongoka ili pamwamba. Pakati penipeni pachikani cholemera magalamu 907, omwe ndi mapaundi 2. Botolo la madzi loyezedwa pasikelo limakwanira. Yezani ndi rula mamilimita amene muvi watsika, n'kugawa 660 ndi nambala imeneyo. Ukatsika mamilimita 13, ndi woyenera uta wa mapaundi pafupifupi 50. Ukatsika 16.5 ndi wa 40, ukatsika 22 ndi wa 30. Nambala imeneyi imayenderana ndi muvi wa mainchi 28 wokhala ndi chitsulo wamba cha magalamu 8. Inchi iliyonse yowonjezera pautali imafuna thunthu lolimbirapo ndi mapaundi pafupifupi 5, ndipo chitsulo cholemera kwambiri kapena nsinga zamakono zosatamuka zimafunanso kuwonjezera. Pa mivi yakale, ndi bwino kulakwira kumbali yolimba. Muvi wolimba kuposa uta umangophonya, wofewa kuposa uta ndi umene umathyoka.

Kulemera kuyezedwenso. Mauta amtengo amafuna muvi wa pakati pa theka la galamu ndi magalamu 0.65 pa paundi iliyonse ya uta, kutanthauza magalamu 23 mpaka 29 pauta wa mapaundi 45. Wopepuka kwambiri umasiya mphamvu yambiri muuta. Utali ndiye osanyengerera: mukakoka nsinga mpaka pomwe mumafika nthawi zonse, thunthu litsale masentimita osachepera 2.5 kutsogolo kwa uta. Muvi waufupi umagwera m'kati mwa uta, nsonga n'kuloza dzanja lanu. Mwini wake wakale mwina anali wamikono yaifupi kuposa yanu, choncho yezani, musaganizire. Pauta wamakono wamawilo, umene amati compound, musaikepo muvi wamtengo wakale ngakhale umodzi. Kukankha kwake n'kwankhanza kwambiri kwa thunthu lotere.

Yopambana zonsezi iyambe pang'onopang'ono. Valani golovesi yachikopa kudzanja logwira uta ndi chotchinga mkono, ndipo pambali panu pasaime munthu. Chandamale chikhale chofewa, cha udzu kapena siponji, pa mamita 10, kuseri kwake kopanda miyala kapena khoma. Ngati muli ndi uta wofewerapo kuposa umene mudzagwiritse ntchito, yambirani umenewo. Kukoka theka kumathandiza kuona mmene kamphanda kakuchokera pansinga, koma sikutsimikizira kuti thunthu lipirira, choncho musakudalire. Pozula, gwirani muvi pafupi ndi chandamale n'kukoka mowongoka, osagwedeza. Maulendo khumi oyambirira upindeni ndi kuumvetsera mukangouzula, ndipo pambuyo pake muzichita zimenezi nthawi iliyonse ukaphonya, ukagunda cholimba kapena ukagundana ndi unzake. Ngozi ikachitika, chidutswa n'kulowa m'thupi, musachizule nokha. Pitani kuchipatala ndipo muwauze kuti ndi mtengo, chifukwa tizidutswa ta mtengo nthawi zambiri sitioneka pa X-ray, komanso mufunse za katemera wa kafumbata.

Yolephera musaibwezere m'phodo n'cholinga chodzaiona bwino tsiku lina, chifukwa tsikulo wina adzaitola osadziwa. Chotsani chitsulo ndi nthenga ngati zili bwino, thunthu mulithyole pakati. Imene mukufuna kusunga chifukwa cha kukongola kapena chikumbutso, ichotseni kamphanda kuti isakwerenso pansinga. Yabwinoyo isungeni choimirira mowongoka, nsonga pansi, kapena chogona pa zotsamira zitatu kuti isalendewere pakati, m'bokosi lotseka kuti njenjete zisafike panthenga, kutali ndi dzuwa ndi khoma lachinyezi. Pathunthu lililonse lembanipo ndi pensulo mapaundi ndi magalamu amene mwayeza, kuti wodzaipeza pambuyo panu adziwe uta wake.